Mukufuna kuyamba Guild Wars 2? Mvetsani kaye za ma class ndi ma expansion musanatulutse ndalama

Sabata yathayi anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi, wina tinakumana pa mlatho wa Bakili Muluzi ine ndikuchokera kutsidya, awiriwo pa WhatsApp, akuti aise gemu umasewera ija ndiyambe ndi kugula chani? Yankho langa ndi lomwe lija, musagule kanthu kaye. Guild Wars 2 ndi gemu ya pa kompyuta yosewera pa intaneti ndi anthu ambiri, inatuluka mu 2012, anaipanga ndi a ArenaNet, ndipo kuyambira 2015 gemu yoyambirirayo ndi yaulere, palibenso zolipira mwezi ndi mwezi ngati mmene zilili ku World of Warcraft. Kwa ife kuno komwe kuti upeze dola umachita kukhetsa thukuta imeneyi si nkhani yaing'ono, mutha kusewera miyezi ingapo mpaka kufika levo 80 yomwe ndi yomaliza osalipira olo tambala, kupatula bandulo basi.

Bandulo yomweyo nde poyambira. Gemuyi imafuna malo pafupifupi 70 GB, nde ngati pali mnzanu amene ali nayo kale musavutike ndi kudawuniloda, pitani ndi hard drive mukakope foda yonse, mkatimo muli fayilo yaikulu yotchedwa Gw2.dat, imeneyo ndiye gemu yonse, mukaika pa laputopu yanu imangotenga tima update totsala. Kusewera kwenikweniko sikudya bandulo kwambiri, zimene zimadya ndi ma update. Potsegula akaunti sankhani Europe osati America, ku Africa kuno kulibe seva ndipo Europe ndi yomwe ili pafupiko, komanso nthawi yawo ndi yathu zimayenderana, miyezi ina timafanana ndendende ina timasiyana ola limodzi lokha, ndekuti madzulo mukaweruka mupeza mapu odzadza anthu.

Tsopano za ma class. Mu gemuyi amati profession koma aliyense amangoti class, ndiye kamenyedwe ka character wanu, munthu amene mumamuyendetsa mu gemu. Ma class alipo 9 ndipo amagawidwa potengera zovala zankhondo. Ovala zolemera ndi Warrior, Guardian ndi Revenant, zapakatikati ndi Ranger, Thief ndi Engineer, zopepuka ndi Elementalist, Mesmer ndi Necromancer. Pa akaunti yaulere onsewa mutha kuwasankha kupatula Revenant, ameneyo amafuna expansion, chigawo chowonjezera chochita kugula. Chimene anthu atsopano amasokoneza ndi class ndi mtundu. Mitundu ilipo 5, Human, Charr, Norn, Asura ndi Sylvari, mtundu umangosintha maonekedwe, mudzi woyambira, tima skill tochepa ndi chiyambi cha nkhani yanu, suletsa class iliyonse, nde ngati mwakonda ka Asura kafupi ka makutu akuluakulu koma mukufuna kazinyamula chilupanga, palibe vuto. Mtunduwo sankhani ndi maso. Class ndi imene muziganizire bwino chifukwa mukapanga character simungadzasinthenso class yake, muyenera kupanga wina, ndipo akaunti yaulere imakupatsani malo a character awiri okha.

Mmene ma skill amayendera ndi chimodzimodzi pafupifupi kwa onse. Pansi pa sikirini pali mabatani khumi, 1 mpaka 5 amachokera ku chida chimene mwagwira, mukasiya uta n'kutenga nkhwangwa mabatani onse asanuwo asintha, 6 ndi yodzichiritsa, 7 mpaka 9 mumasankha nokha, 0 ndi yamphamvu ija imene imachedwa kubweranso mukaigwiritsa. Nde musanadandaule kuti class yanu ndiyobowa yesani kaye chida china, Ranger wa uta wautali ndi Ranger wa chilupanga chachikulu amamveka ngati anthu awiri osiyana. Ma trait, timphamvu towonjezera timene mumasankha nokha, amatseguka pa levo 21, 45 ndi 71, ndipo zonsezi mutha kusintha mwaulere nthawi iliyonse bola musakhale pakati pa ndewu, musamaope kuti mwalakwitsa build, kasankhidwe kanu ka zida, ma skill ndi ma trait.

Apa nde pomwe ndikufuna mumvetsere, chifukwa malangizo ambiri a pa YouTube amapanga anthu okhala pafupi ndi seva. Mu gemuyi kupulumuka kumadalira kuzinda, mumadina V character wanu n'kugubuduka, muli ndi kawiri kokha kenako mudikire mphamvu ibwerere. Ife kuno chizindikiro chofiira chochenjeza pamene mdani amenye chikaoneka pansi timakhala tachedwa kale pang'ono, netiweki ikati igwedezeke madzulo anthu onse ali pa foni nde basi umangoona uli pansi. Choncho class yokhala ndi moyo wambiri imakhululuka. Pa levo 80 Warrior ndi Necromancer amayambira pa moyo 19,212, Ranger, Engineer, Mesmer ndi Revenant 15,922, pomwe Elementalist, Thief ndi Guardian ali ndi 11,645 yokha, mwaona kusiyana kwakeko.

Ine munthu watsopano wa kuno ndimamuuza Necromancer kapena Ranger. Necromancer kuphatikiza pa moyo wambiriwo ali ndi shroud, ili ngati moyo wachiwiri umene amauvala zinthu zikavuta, komanso atha kumayenda ndi tizilombo take tomumenyera nkhondo, moti netiweki ikaima masekondi atatu nthawi zambiri umabwerera n'kupeza akadali chilili. Ranger ali ndi chiweto, chimbalangondo kapena china chimene mwaweta m'tchire, chimapita kutsogolo inu mukulasa muli patali. Warrior nayenso ndi wosavuta kumva, kumenya kumadzadzitsa adrenaline kenako mumaphulitsa kamodzi. Guardian moyo ndi wochepa inde koma ali ndi zotchinga zambiri ndipo m'magulu amamufuna kwambiri, ngati mumakonda kuthandiza anzanu mutha kuyamba naye.

Elementalist ndi wokongola zedi, amasinthasintha moto, madzi, mphepo ndi dothi ndekuti mabatani asanu aja amakhala 20, koma zovala zopepuka moyo wochepa, kalakwitsidwe kamodzi wagwa. Sindikuti musamuyese, ngati mtima wakana zina zonse tengani yemweyo chifukwa class imene mwaikonda ndi imene mudzalimbikire kuiphunzira, kungoti dziwiranitu kuti masiku oyamba mudzagwa kwambiri. Thief, Mesmer ndi Engineer nawonso amafuna zala zachangu ndi mutu wozizira. Chabwino n'chakuti mu gemuyi ukagwa sunafe, umakhala pansi ukumenyabe ndi tima skill tinayi, ukapha mdani umadzuka, kapena wodutsa aliyense amadina F n'kukudzutsa, ndipo anthu amadzutsanadi olo osadziwana, inunso muzitero.

Mwina mukufunsa kuti nanga tank wolandira zikwapu za adani ndi healer wochiritsa anzake ali kuti. Pamene mukukwera ma levo zimenezo musaziganizire, aliyense amadzichiritsa yekha. Zimayamba kufunika mukafika ku ndewu zovuta za m'magulu, ma fractal a anthu 5 ndi ma raid a anthu 10. Amene munaonapo chilimira usiku ku Makawa mukudziwa kuti siginala ali m'bwato ndi nyali zake, alovi ali pa khoka, wina pa injini, ndipo siginala akalakwitsa usipa sukodwa ngakhale alovi akhale amphamvu chotani. Kunonso zili choncho, wina amachiritsa, wina amapereka quickness kapena alacrity kuti gulu lizimenya msanga, otsalawo ndi omenya, kusiyana kwake n'kwakuti ntchitozi sizinamangiriridwe ku class imodzi, Ranger yemwe uja amene mumalasa naye mivi atha kukhala wochiritsa gulu lonse. Zimatheka kudzera mu elite specialization, luso lapadera lowonjezera pa class yanu, ndipo apa ndi pamene ma expansion amalowera.

Expansion ndi chigawo chatsopano chimene mumagula kamodzi n'kukhala chanu mpaka kale, chimabwera ndi mapu atsopano, nkhani yopitirira ndi zinthu zina zimene character wanu sakanatha kuchita. Chimene ndimaikondera gemuyi n'chakuti levo yomaliza sinasinthepo, inali 80 mu 2012 ndipo ikadali 80, zida zabwino zimene munavutikira sizisanduka zinyalala expansion ina ikatuluka, nde ngati mwakhala miyezi itatu laputopu ili kwa okonza mumabwerera n'kupitiriza pomwe munasiyira.

Heart of Thorns ya 2015 inabweretsa kuuluka ndi glider m'nkhalango ya Maguuma komanso Revenant. Path of Fire ya 2017 ndi ya kuchipululu ndipo inabweretsa nyama zokwera, raptor wodumpha maphompho, springer wolumpha m'mwamba, skimmer woyenda pamwamba pa madzi, jackal, ndi griffon amene amabisika mpaka mutamaliza nkhani. End of Dragons ya 2022 imakutengerani ku Cantha, muli boti lanulanu lokweza anzanu ndi kuwedza nsomba ndi mbedza, ine wokulira m'mbali mwa Shire tsiku loyamba ndinatha maola awiri ndikungoponya mbedza osamenya chilombo olo chimodzi, mtima uli mbee. Zitatu zimenezi iliyonse imapatsa class iliyonse elite specialization imodzi, mwachitsanzo Ranger amapeza Druid wochiritsa uja mu Heart of Thorns, Soulbeast mu Path of Fire, Untamed mu End of Dragons, Necromancer amapeza Reaper, Scourge ndi Harbinger. Kuti mutsegule elite specialization yonse pamafunika levo 80 ndi ma hero point 250, mapointi otsegulira ma skill, ndipo m'mapu a expansion hero challenge imodzi, kantchito kopezera mapointiwo, imapereka 10 pomwe m'mapu akale imapereka imodzi yokha. Secrets of the Obscure ya 2023 ndi Janthir Wilds ya 2024 zinabwera ndi zina monga mkondo womenyera pamtunda ndi nyumba yanuyanu, koma zimenezo ndi za mtsogolo, watsopano asathamangire kumeneko.

Pali msampha umodzi. Mukagula expansion amakupatsani boost yokweza character mpaka levo 80 nthawi yomweyo. Msuweni wanga anatumiziridwa gemu ndi achimwene ake a ku Joni, tsiku lomwelo anadina boost pa Elementalist amene anali asanamuseweretsepo n'kulowa ku Verdant Brink, mapu oyamba a Heart of Thorns. Ndinali naye pakhonde usiku umenewo, kunja kukutentha ngati mmene kumachitira mu Okutobala, laputopu taikweza pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa pansi, tima pocket raptor, tizilombo ting'onoting'ono timene timabwera gulu, tinamugwetsa asanadziwe n'komwe batani lodzichiritsira, kachiwiri, kachitatu, mpaka anatseka n'kunena kuti gemu yake ndi yopanda pake. Zinandipweteka chifukwa ndalama zinali zitapita kale ndipo vuto silinali iye, mapu amenewo anawapangira anthu amene adutsa ma levo 80 aja akuphunzira kuzinda pang'onopang'ono. Patapita sabata tinayambira limodzi ku Queensdale, mapu oyambira a Human, pa levo 1, ine character wanga wamkulu gemu imamutsitsa yokha mphamvu kuti tifanane, pano akusewera Reaper ndipo ndi iyeyo amandidzutsa. Boost ija isungeni m'thumba, mudzaigwiritsa pa character wachiwiri.

Nde dongosolo langa ndi ili. Pangani ma character awiri aulere aja ndi ma class osiyana, aliyense mufike naye cha m'ma levo 20, amene mukumulakalaka mukakhala kuntchito ndi wanuyo. Pitirizani naye, nkhani yanu imatseguka pa ma levo 10 aliwonse, mukamva anthu akuitanizana za Shadow Behemoth ku dambo la ku Queensdale thamangirani mukaone mmene anthu ambirimbiri amagwetsera chilombo chimodzi. Mukafika pa 80 mtima ukadali pomwepo, gulani Heart of Thorns ndi Path of Fire, zimagulitsidwa pamodzi ndipo ndi zomwe zimapereka zambiri pa ndalama yochepa, zimachotsanso zoletsa za akaunti yaulere monga za macheza ndi malonda, malo a character amakhala 5. Mtengo umatsika nthawi ndi nthawi nde ngati simukufulumira dikirani sale.

Pogulapo samalani ziwiri. Ngati munatsegula akaunti pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, muzigula pa Steam pomwepo, ngati munatsegula kwa ArenaNet muzigula kwa ArenaNet, ziwirizi sizisakanikirana, nde wachibale amene akukulipirirani kunja muuzeni bwinobwino asanadine. Chachiwiri, pakati pa ma expansion pali nkhani zina zotchedwa Living World, Season 1 ndi yaulere koma zinazo zimagulidwa padera ndi ma gem, ndalama ya m'sitolo ya mu gemu, ndipo mukagula expansion ma gem mutha kuwasinthanitsa ndi golide amene mwapeza mukusewera, ndekuti zimenezi sizifuna khadi la kubanki, expansion yeniyeniyo ndi imene imafuna ndalama zenizeni. Anthu okutumizirani uthenga mu gemu kuti akugulitsani golide motchipa musawayankhe, akaunti imatsekedwa chifukwa cha zimenezo.

Magetsi akakhala osadalirika tsiku limenelo musalowe gulu la fractal kapena raid, mukazimitsidwa pakati anthu anayi kapena asanu ndi anayi amakhala akukudikirani osadziwa chachitika, chitani za nokha monga ma heart, tintchito tosonyezedwa ndi kamtima pa mapu, ndi kutsegula mapu, zimenezo olo kuthime mukabwerera mupeza zonse zili momwemo.