Zoyang'ana musanagule Lee-Enfield No. 4

Mwafunsa mmene mungayendere mfuti yakaleyi ya asilikali a ku Britain musanapereke ndalama. Mukhale ndi tochi, geji ya headspace (chida choyezera mpata wa pokhala tsinde la chipolopolo mfuti ikatsekedwa) ya zipolopolo za mfutiyi zotchedwa .303 ndi chiphaso cha apolisi. Ku Britain .303 imafunabe chiphaso, kaya ikalambe bwanji.

1. Chotsani magazini, kokani bolt (chitsulo chokankhira chipolopolo mumpope n'kutseka kumbuyo kwake), mupise chala kuti mutsimikize kuti mulibe chipolopolo.
2. Yerekezani nambala ya pa chogwirira cha bolt ndi ya pathupi la mfuti. Zikasiyana, mtengo utsike.
3. Solani bolt, muwalitse tochi mumpope. Zipolopolo zakale zinkasiya mchere wodya chitsulo, ndiye samalani timaenje takuda komanso mizere yam'kati yofufutika.
4. Mukaona zilembo DP, mfutiyo inali ya pelete basi. Musadzaiwombe.
5. Ambiri amaphonya apa. Lowetsani geji ya mainchesi 0.074 pokhala chipolopolo, mutseke bolt pang'onopang'ono ndi nsonga za zala, osakakamiza. Ikatseka yonse, mpata wakula ndipo chikhokhombe cha chipolopolo chikhoza kuduka powomba. Mpatawo amaukonza posintha mutu wa bolt. Mituyo ili ndi manambala 0 mpaka 3, koma musangodalira nambala. Katswiri ayeze mutuwo asanausinthe.