Mmene mungasungire mafayilo pa zimbale zofufutika

Zimbale za CD-RW ndi DVD-RW, zomwe mungafufute n'kulembaponso, zikusowa m'masitolo chifukwa makompyuta ambiri atsopano alibe polowetsera chimbale, ndipo kampani ya Sony inasiya kupanga zimbale za Blu-ray zojambulirapo mu February 2025. Mukapeza za CD-RW kapena DVD-RW, gulani zingapo nthawi imodzi, koma muyambe mwaonetsetsa kuti makina anu amatha kulemba pa mtundu umenewo.

CD-RW imasunga pafupifupi 700 MB, DVD-RW imasunga 4.7 GB, ndipo iliyonse ingafufutidwe ndi kulembedwanso maulendo pafupifupi 1,000. Kufufutikako n'kumenenso kumaichititsa kukhala yosadalirika kwenikweni, choncho zithunzi za ukwati kapena zikalata zofunika kuzisunga zaka zambiri ndi bwino kuziika pa DVD-R kapena M-DISC, zomwe zimalembedwa kamodzi kokha.

Pokopera, sankhani liwiro lotsika, kenako lolani pulogalamu yokoperayo itsimikizire kuti zonse zalembedwa bwino. Anthu ambiri amadumpha gawo limeneli chifukwa chothamanga, n'kudzazindikira mochedwa kuti fayilo siikutseguka. Gwirani chimbale m'mphepete, ndipo lembani dzina ndi cholembera chofewa, chifukwa pa CD mbali yolembapo dzina ndi yopyapyala moti bolopeni ikhoza kukanda pamene pali mafayilo. Chisungeni m'kabokosi kake chili choimirira, kutali ndi dzuwa komanso chinyezi.

Musadalire chimbale chokha. Mafayilo omwewo akhalenso pa hard drive kapena pa intaneti, ndipo chaka chilichonse muzitsegula zimbalezo kuti chomwe chayamba kuvuta muchikopere msanga pa chatsopano.