Mpeni wa chi Japan mu khitchini, osaupha msanga

Anzanga ophika m'malesitilanti a ku Tete ndi Moatize, mukafuna mpeni wa chi Japan yambani ndi gyuto (mpeni wodulira nyama ndi masamba omwe) ya 210mm kutalika, mtundu wina uja wotchedwa santoku ndi waufupi, ntchito ikachuluka umachedwetsa. Chitsulo cha mipeni imeneyi ncholimba koma chimabenthuka msanga ndiye mafupa a mbuzi yathu ija ayi ndithu, pamenepo tengani chikwanje. Ine mpeni wanga ndinangomupatsa mnyamata wondithandiza tsiku limodzi, pobwera ndapeza mpeni uli mano mano ngati sowo, mtima unawawa!

Nolani pa mwala wonolera wa nambala 1000 (nambala yosonyeza kusalala kwa mwalawo) wonyowa bwino, mpeni utapendekeka madigiri ngati 15, osapititsa kwa agilayinda apamsika aja amangowotcha chitsulo. Mukadula matimati kapena mandimu tsukani pamanja mupukute pompo, mpeni wa chitsulo cha carbon (chosakhala stainless) suchedwa kuchita dzimbiri. Dulirani pathabwa, osati pambale.