Momwe mungaonetsere ana a m'tauni ziweto kumudzi osabwerako ndi misozi

Ana anga anakulira ku Area 25 ku Lilongwe, nkhuku ankaidziwa ili kale m'mbale. Tchuthi chapitachi tinawatengera kwa agogo awo ku Dedza, ndipo nazi zimene ndinatolako.

Choyamba ndi nthawi. Adzutseni m'mamawa pamene makola akutsekulidwa, chifukwa dzuwa likakwera ziweto zapita kubusa. Muwaveke nsapato zotseka, osati mapatapata. Matekenya samvera chisoni phazi la m'tauni.

Yambani ndi tating'onoting'ono: akalulu, mbira, timbuzi. Mwana akhale pamphasa, inu mumuikire pamiyendo. Kalulu asagwidwe makutu, ngakhale amalume ake atero. Mbuzi aipatse madeya pachikhatho chotambasula, ndipo mumuuziretu kuti ilibe mano akutsogolo kumtunda, mantha amachepa. Tonde yekha amuonere patali. Madeyawo mukagule pachigayo, m'tauni ndi odula, ndipo pali ena amene amathiramo utuchi kuti chidebe chidzaze msanga.

Tsopano nkhuku ya anapiye. Apa ndi pomwe ndinalakwitsa. Ine maso anali pa ng'ombe, poganiza kuti choopsa ndi chokhala ndi nyanga. Kamtsikana kanga ka zaka 3 kanaona anapiye pansi pa nkhokwe, kanawerama n'kutola kamodzi. Kamwanapiye kungolira kamodzi, make anafufuma nthenga n'kumudumphira kumaso. Anamukanda pansi pa diso, pang'onong'ono likanakhala diso lenilenilo. Agogo akufika ndi chipande m'manja, ananena ine osati nkhuku: "Inu bambo ake, simudziwa kuti imeneyo imalimbana ndi mphamba? Mwana ndiye angaiopse?" Tinatsuka balalo ndi sopo, koma masiku 2 otsatira mwanayo ankathawa ngakhale nkhunda.

Chitani chonchi. Wamkulu ayambe wavindikira make ndi dengu kapena kumutsekera m'khola. Atole yekha mwanapiye, amuike m'manja mwa mwana amene wakhala pansi, manja awiri ngati akutunga madzi, osafinya. Kanthawi kochepa basi, abwezedwe. Pa chisa cha nkhuku yofungatira mazira asayandikire n'komwe, pamakhala utitiri, usiku wonse mudzachezera kukanda.

Ndinenepo za mphatso. Musagule nkhuku yamoyo m'mbali mwa msewu kuti mukapatse agogo, makamaka nyengo yotentha cha mu Okutobala pamene chitopa chimavuta. Mukaona mtengo watsika modabwitsa, dziwani kuti mwini wake akuthawa matenda. Wogulitsa wina amalumbira kuti ndi nkhuku ya mtundu wa Mikolongwe yeniyeni chifukwa choti ndi yakuda. Inu kukafika nayo, khola lonse la agogo psiti. Bola shuga ndi mchere.

Zotsalazi n'zachidule. Ng'ombe ndi abulu, mwana asaime kumbuyo, ndipo ng'ombe ya mwana wakhanda aionere kunja kwa khola. Nkhumba osalowetsa dzanja, komanso eni ake safuna alendo m'khola poopa chigodola, chimene chimayenda ndi nsapato zomwe. Galu wosam'dziwa asiyidwe. Akaluma kapena kukanda, tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala, chiwewe sichidikira. Mkaka uyambe wawiritsidwa.

Sopo tengani wanu, ndipo asambe m'manja asanagwire chakudya chilichonse, ngakhale mango.