Momwe mungamangire shedi yamatabwa pa njanji ya sitima yachidole

Amene munakulira kuno ku Mchinji mukudziwa kuti njanji si yachilendo kwa ife. Inafika kuchokera ku Lilongwe mu 1980, ndipo mu 2010 anailumikiza mpaka ku Chipata. Ine ndinakula ndikuyenda m'mphepete mwake, ndiye mphwanga atanditumizira kasitima kachidole kuchokera ku Johannesburg, mutu umodzi, mabogi atatu ndi njanji zake, sindinafune kuti kazingozungulira pa thabwa lopanda kanthu. Ndinafuna pakhale poima, potsitsira matumba a chimanga ndi mtedza. Tinyumba tapulasitiki amagulitsa kunja, koma mukaphatikiza mtengo wake ndi wotumizira mukhoza kugula chitseko chenicheni, komanso timaoneka ngati nyumba za ku Ulaya. Choncho ndinamanga ndekha shedi ya katundu, ndipo nayi njira yake.

Yambani ndi muyezo. Kasitima kanga ndi ka sikelo ya HO, kutanthauza kuti chilichonse chimachepetsedwa ka 87. Shedi yotalika mamita 10, mulifupi mamita 5, khoma mamita 3 kupita mmwamba, imakhala mamilimita 115, 57 ndi 34. Chitseko cha mamita 2 chimatuluka mamilimita 23. Ngati yanu ndi ya mabatire yapakaunjika, yosadziwika sikelo, yezani chitseko cha bogi, muchitenge ngati mamita 2, zina zonse muwerengere kuchokera pamenepo. Odziwa zambiri adzakuuzani kuti njanji za HO, zomwe zimatalikirana mamilimita 16.5, zimaimira njanji zikuluzikulu zakunja, pamene zathu kuno ndi za mamilimita 1,067. Akunena zoona, koma shediyo sikhudzidwa nazo. Jambulani makoma anayi papepala la masamu lija lamabokosi, kenako muike bogi pambali pa pepalalo muone ngati khomo likugwirizana ndi chitseko cha bogi.

Matabwa ake musagule. Pitani kwa akalipentala pa Boma kapena pa Kamwendo mukapemphe tizidutswa ta paini tomwe amataya pamodzi ndi utuchi. Mukawafotokozera bwino chimene mukupanga, ena amakudulirani timizere topyapyala. Timitengo ta ayisikilimu timagwiranso ntchito, koma kumbukirani masamu aja: kamtengo kamodzi ndi pafupifupi mamilimita 10 mulifupi, ndiye pa sikelo yathu ndi thabwa la masentimita 87, lomwe palibe anaonapo pa shedi. Kang'ambeni panayi ndi lezala watsopano motsatira rula yachitsulo, kenako mukapalepale pa sandipepa kuti kapyapyale. Timitengo ta machesi ndiye nsanamira zabwino kwambiri, simufunika kutisintha, kungodula mutu. Mlombwa ndi wokongola koma ndi wolimba, lezala amathera pomwepo. Bulugamu musayese, amang'aluka mokhota.

Za guluu ndichenjeze. Gulani guluu woyera wamatabwa wa m'botolo lake lotseka. Ndinagulapo wotsika mtengo pamsika, wothiridwa m'kabotolo kopanda dzina, wogulitsayo akulumbira kuti ndi yemweyo. Anali atamusungunula ndi madzi. Ankaoneka kuti wagwira, koma patatha sabata timatabwa tinayamba kugwa tokha. Njira yoyesera ndi yosavuta: dontheza pa chala, guluu weniweni amakhala phala lolimba, sayenderera ngati mkaka. Supa guluu musungire malata okha.

Tsopano tafika pamene ndinagwa nayo, ndipo apa muwerenge mofatsa.

Matabwa atsopano ndi oyera mbee, pamene shedi yapanjanji imakhala yotuwa chifukwa cha dzuwa ndi mvula. Mtundu umenewo mumaupeza motere: viikani kachidutswa ka sitiluwulo wotsukira mapoto m'viniga kwa masiku awiri kapena atatu, m'botolo losatseka kwambiri. Pakani matabwawo tiyi wamasamba wowirira, opanda shuga, akauma mupake viniga uja. Chitsulo chosungunuka m'viniga chikakumana ndi tiyi, thabwa limasanduka lotuwa ngati lakhala panja zaka zambiri. Njirayi ndi yabwino, ndipo ndikuigwiritsabe ntchito. Cholakwa changa chinali nthawi imene ndinapaka.

Ndinali nditamata kale makoma onse anayi, timatabwa titandandalikidwa bwinobwino pa katoni yopyapyala, ntchito ya madzulo asanu. Munali mu Januwale, mvula ili mkati. Ndinapaka tiyi ndi viniga kunja kokha, poganiza kuti mkati simudzaoneka. Dzuwa litatuluka masana ndinayanika makomawo pakhonde kuti aume msanga. Pofika madzulo onse anali atapindika ngati chikho. Ndinayesa kuwongola limodzi ndi manja, linathyokera pakati. Zinandiwawa kwambiri, ndinakhala milungu iwiri osakhudzanso.

Kalipentala wina wachikulire ndi amene anandimasulira. Thabwa likamwa madzi limafufuma, ndipo limafufuma mulifupi, osati mulitali. Mukanyowetsa mbali imodzi yokha, mbali imeneyo imakula pamene inayo ili chikhalire, ndiye thabwa limapinda. Mukaliika padzuwa, mbali yapamwamba imauma mofulumira n'kukokera kwake. Katoni ndinaika kumbuyo ija nayonso inkakoka mwa njira yake. Ndi chifukwa chomwecho chitseko chamatabwa chimakana kutseka m'dzinja. Thabwa la milimita imodzi kapena awiri lilibe mphamvu yolimbana nazo, limagonja nthawi yomweyo.

Panalinso vuto lachiwiri lomwe ndinaliona makomawo atauma. Paliponse pamene guluu anatulukira m'mbali, ngakhale pamene ndinapukuta ndi chala, mtundu sunalowe. Guluu woyera akauma amatseka thabwa ngati pulasitiki. Khoma linali mathothomathotho oyera.

Ndiye dongosolo lake ndi ili, musalisinthe. Dulani timatabwa tonse kaye, muonjezere tina tapadera. Tipakeni mtundu tisanamatidwe, mbali zonse ziwiri, ngakhale kungotiviika m'mbale. Tiyaleni pakati pa nyuzipepala zakale pa tebulo losalala, pamwamba muike thabwa ndi simbi yamakala yozizira kapena njerwa ziwiri. Musatiike padzuwa kapena pafupi ndi mbaula. M'chilimwe tsiku limodzi likwana, m'dzinja dikirani masiku awiri kapena atatu ndipo musinthe nyuzipepala ikanyowa. Ubwino wina ndi wakuti kathabwa kalikonse kamatenga mtundu wakewake, kena kodera, kena kotuwirako, ndipo mukatisakaniza pakhoma pamaoneka ngati shedi yomwe akhala akuikonza mwa apo ndi apo.

Katoni ija isiyeni. M'malo mwake pangani felemu ya timitengo ta machesi monga amachitira amisiri enieni: kamodzi pansi, kena pamwamba, kachitatu pakati, tonse topingasa, ndipo timatabwa timatidwe choimirira pamwamba pake. Timitengo topingasato ndi timene timaletsa khoma kupinda. Ikani pepala lanu lojambula pansi, pamwamba pake jumbo yoonekera kuti guluu asagwire pepala, muzimata motsatira mizere. Guluu muzitapa ndi nsonga ya singano kapena kamtengo kotokosera m'mano, kadontho kamodzi pamalo pamene thabwa lakumana ndi felemu, basi. Khoma lililonse likatha libwerere pansi pa simbi usiku wonse. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kuona nyumba itaima lero lomwelo. Ine ndinafulumira choncho, ndinataya madzulo asanu.

Kulumikiza makoma sikuvuta ngati auma mowongoka. Gwiritsani ntchito bokosi la machesi ngati sikweya pangodya, mapegi a zovala agwire mpaka guluu alimbe. Mkati mwa ngodya iliyonse muike kamtengo koimirira. Pansi pa shedi pakwezedwe kuti pafanane ndi pansi pa bogi, ine ndinaika kapulayiwudi pa tinsanamira tatifupi, ndinayeza ndi bogi yeniyeniyo ili pa njanji. Musanamate shediyo pamalo pake, yendetsani sitima idutse kangapo, makamaka ngati pafupi pali pokhota, chifukwa bogi yaitali imataya thupi kunja ndipo imakola khonde.

Malata ndimapanga ndi foyilo yokhuthala, ya timbale tonyamulira chakudya. Iyaleni pa chidutswa cha chubu cha njinga, mugudubuze bawuti ya M6, yonenepa mamilimita 6, pamwamba mokanikiza. Mizere ya bawutiyo imatalikirana milimita imodzi, yomwe ili pafupi kwambiri ndi malata enieni pa sikelo yathu. Dulani tizidutswa ta mamilimita 9 mulifupi, mumate kuyambira m'munsi kukwera mmwamba, tikusanjikizana pang'ono. Chitini cha zakumwa ndinayesa, n'cholimba ndipo chimacheka zala. Dzimbiri lake ndi penti yotuwa pansi, kenako dothi lakatondo losefa bwino, lopakidwa ndi burashi youma m'munsi mwa malata.

Chitseko ndi timatabwa tatsala tija, mumate chotsegula pang'ono kuti mkati muzioneka mdima. Mazenera ine sindinaike, mashedi ambiri a katundu alibe. Matumba ndi tinsalu takale tokulungira mchenga, tomanga ndi ulusi. Vanishi wonyezimira musapake, aononga mtundu wonse uja.

Pomaliza, thabwa lonse la njanji lisakhudze khoma la nyumba kapena pansi, chiswe cha kuno sichisankha kuti ili ndi thabwa lachidole. Mphemvu nazo zimakonda kubisala mu shedi, ndiye denga musalimate, lizichoka kuti muzitha kusesamo ndi burashi.