Kudula matabwa ndi sowo yamagetsi popanda kudzivulaza

Matabwa ambiri amene timagula kuno ku Mulanje, kaya ku Chitakale kapena ku Limbuli, ndi a bulugamu ndi paini, ndipo kawirikawiri amakhala asanaumitsitse chifukwa cha mvula ndi chiperoni. Thabwa laliwisi limapindika pamene likudulidwa n'kupana chitsulo cha mano, chimene chimazungulira maulendo pafupifupi 5,000 pa mphindi imodzi. Chitsulocho chikapanika, sowo yonse imadumphira kumbuyo, kumene kuli mwini wake.

N'chifukwa chake muyenera kusamala kwambiri kagonekedwe ka thabwa. Ligonekeni pa benchi ndi kulimanga zolimba, ndipo mbali imene mukuchotsa ilendewere kunja kuti igwe yokha. Musadule pakati pa thabwa limene mwalisanjika pa mipando iwiri kapena pa njerwa uku ndi uku, popeza likatsala pang'ono kuduka limagwera m'kati n'kutsina chitsulo. Musalipanenso ndi bondo kapena kuligwira ndi dzanja, pakuti sowo imafuna manja onse awiri. Imani chapambali, osati molunjika mzere umene mukudula.

Musanalowetse pulagi, sinthani kuya kwa chitsulo kuti mano atulukire kunsi kwa thabwa mamilimita 6 okha, ndipo onetsetsani kuti chotchinga mano chikubwerera chokha pamalo pake. Akalipentala ena amachimanga ndi waya kuti ntchito ifulumire, khalidwe limene ndimadana nalo kwambiri, chifukwa sowo yotere ikaikidwa pansi isanaime imathamanga yokha mpaka kukafika kuphazi. Yatsani sowo isanakhudze thabwa, ndipo muyambe kudula ikafika pa liwiro lake lonse. Ikalimba m'njira musaikakamize, koma izimitseni ndi kudikira kuti iime musanaizule.

Mabanja amene akumanganso nyumba chichokereni namondwe Freddy wa mu 2023 amagwiritsa ntchito matabwa akale. Zulani msomali uliwonse musanadule, chifukwa dzino la sowo likaumenya limatha kuthyoka n'kuulukira kumaso. Valani magalasi oteteza maso ndi zotseka m'makutu, mangani chitenje kapena malaya kuti zisalendewere, ndipo ana akhale patali.

Musadulire pakhonde ponyowa, pakuti magetsi athu ndi a mavoti 230. Akazima muli pakati pa ntchito, zulani pulagi nthawi yomweyo, monga muyenera kuchitira posintha chitsulo kapena pochotsa utuchi.