Momwe mungakumbire ndi kuchotseratu maluwa a calla lily m'munda

Maluwa a calla lily, omwe akatswiri a zomera amawatchula kuti Zantedeschia aethiopica, kwawo ndi kummwera kwa Africa, ndipo amakonda malo achinyontho. Ndi okongola ndithu, koma akakhazikika amalanda malo, moti ku Western Australia ndi ku New Zealand amawawerengera m'gulu la zomera zowononga. Mphamvu yawo ili pansi pa nthaka, m'tsinde lonenepa limene limabereka timatsinde tina m'mbali mwake, choncho kungotchetcha masamba ndi kutaya nthawi chabe.

Musanayambe, valani magolovesi ndi malaya a manja aatali, chifukwa utomoni wa maluwawa uli ndi mankhwala otchedwa calcium oxalate, omwe amayabwa pakhungu ndipo amawotcha m'kamwa mwa mwana kapena chiweto chimene chatafuna chomeracho. Kenako dulani masamba, kusiya mapesi aafupi oti muzigwira, ndipo zipatso zake muziike m'thumba zisanapse, popeza mbalame zikadya zimamwaza njere kutali.

Kumbani dothi likadali lofewa koma lisali matope. Foloko ya m'munda ndi yabwino kuposa khasu, pakuti khasu limaduladula tsinde, ndipo chidutswa chilichonse chotsala chimatha kuphukanso. Yambani chapatali, pafupifupi masentimita 30 kuchokera pa mapesi, muzungulire phata lonse, kenako mulitukule pang'onopang'ono kuchokera pansi. Musalizule mokoka, chifukwa timatsinde tating'ono timathothoka n'kutsalira m'dothi.

Ntchito yeniyeni imayamba phata likatuluka. Gwadani pansi, mufumbate dothi la m'dzenjemo n'kumalifikisa m'manja, kapena mulisefe pa waya wa mabowo aang'ono. Mudzapeza tizidutswa tofiirira kunja, toyera m'kati, tina tosaposa nsonga ya chala, tomwe poyamba mungatiyese timiyala. Timeneti ndi timene timabwezeretsa maluwa onse ngati tatsala.

Zonse mwakumbazo musaziponye pa mulu wa kompositi kapena m'mphepete mwa mtsinje, chifukwa kumeneko mwangozidzalanso. Ziyanikeni padzuwa, pa simenti kapena pa lata, mpaka ziume gwa, kapena muzimange m'matumba akuda a pulasitiki musanakataye.

Pakapita milungu ingapo, makamaka mvula ikagwa, yenderaninso malowo ndipo mphukira iliyonse muikumbe pamodzi ndi tsinde lake masamba asanatambasuke. Ngati malowo ndi aakulu, afunditseni pulasitiki wakuda wochindikala, mupsinje m'mbali ndi njerwa kuti kuwala kusalowe, ndipo muusiye kwa nyengo yonse ya mvula.